Kuthandiza mayi wochira kumene kuti ayamwitse: malangizo kwa inu amene muli pambali pake

Foni imalira cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo woimbayo kawirikawiri sakhala mayi woyamwitsayo. Amakhala bambo a mwana, agogo ake, kapena m'bale amene wabwera kudzadikirira. Chapatali mumamveka kulira kwa khanda. "Mkaka sukutuluka, titani?" Funso limeneli ndaliyankha mpaka malovu kuuma m'kamwa, ndiye ndati ndilembe kamodzi.

Ndalembera inu othandiza. Malangizo ambiri amalunjika kwa mayi: udye bwino, upume, usataye mtima, ngati kuti m'nyumbamo ali yekha. Koma pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuthandiza amayi ochira kumene, sindinakumanepo ndi mayi amene anasiya kuyamwitsa chifukwa sanamve kuti mkaka wa m'mawere ndi wabwino. Zimene zimamusiyitsa ndi ziwiri: ululu wa nsonga za mabere, ndi mantha akuti mwana sakukhuta. Ziwiri zonsezi munthu wokhala pambali pake akhoza kuzichepetsa, akhozanso kuzikulitsa ndi mawu amodzi okha.

1. Gwirizanani mwana asanabadwe

Kusikelo ya amayi oyembekezera mudzamva mawu akuti "kuyamwitsa mwakathithi". Tanthauzo lake n'lakuti mwana azilandira bere lokhalokha, usana ndi usiku, kwa miyezi 6 yoyambirira. Madzi ayi, madzi a shuga ayi, mankhwala azitsamba ayi, chakudya chilichonse ayi. Chololedwa ndi mankhwala okhawo amene achipatala alemba. Miyezi 6 ikakwana amayamba kudya zina, koma bere limapitirira mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Amenewa ndi malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi UNICEF, bungwe loona za ana. Mu 2016 akatswiri analemba m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet kuti ana atamayamwitsidwa motero pafupifupi kulikonse, ana osakwana zaka 5 oposa 800,000 akhoza kupulumuka chaka chilichonse. Matenda amene bere limatchinga kwambiri ndi kutsegula m'mimba ndi chibayo.

Mawu amenewa asathere kwa mayi yekha. M'banja lililonse muli munthu amene akanena chinthu palibe wotsutsa. Kambiranani naye mimba idakalipo, ndipo ngati n'kotheka apite nawo kusikelo akadzimvere yekha kwa azamba. Mtsikana amene wangochira, ali ndi mabala, sanagone masiku awiri, sangalimbane ndi apongozi ake pa nkhani ya madzi. Ndi inuyo bambo amene muyenera kunena kuti, "Amayi, paja tinagwirizana kuti mwanayu madzi ayi mpaka miyezi 6." Zoti kunja kwatentha zisakusokonezeni. Pa magawo 100 alionse a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 88 ndi madzi, ndipo mwana akamva ludzu amangoyamwa pafupipafupi.

Musagule botolo ndi chitini cha mkaka chongosungira kuti mwina chidzafunika. Chikakhala m'nyumba chidzatsegulidwa usiku woyamba umene mwana adzalire kwambiri. Mayiko anagwirizana kale mu 1981 kuti makampani asamatsatse mkaka wam'chitini kwa makolo kapena kuwagawira waulere, chifukwa anaona kumene zimenezi zimakathera.

2. Tetezani ola loyamba

Mwana akangobadwa, ngati iye ndi mayi ake ali bwino, apukutidwe n'kugonekedwa chafufumimba pachifuwa pa mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, onse awiri atafunda. Asachotsedwepo kwa ola lathunthu. Khanda likasiyidwa chonchi limapuma kaye, kenako limayamba kunyambita milomo, kugwedeza mutu, kudzikankha ndi timiyendo, mpaka nthawi zambiri limalipeza lokha bere. Zipatala zotsatira ndondomeko yokomera ana imene WHO ndi UNICEF anakhazikitsa mu 1991 zimachita zimenezi mwachizolowezi, koma tsiku lotanganidwa zikhoza kuiwalika. Inu odikirira pemphani mwaulemu: "Anesi, tingamuike pachifuwa?" Kumusambitsa kudikire mpaka patapita maola 24. Achibale ofuna kunyamula ndi kujambula zithunzi nawonso adikire.

Mkaka woyamba ndi wachikasu, womata, ndipo umatuluka timadontho. Ena amautcha chithuwi. Pali anthu amene amauyesa wonyansa n'kuufinyira pansi podikira "weniweni". Musalole. Mkaka umenewu ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka koposa, ndipo umathandiza mwana kutulutsa chimbudzi chake choyamba chakuda chija, zomwe zimachepetsanso vuto la chikasu. Kuchepa kwake n'koyenera, poti tsiku loyamba kamimba ka khanda kamangolandira kasupuni kakang'ono kamodzi kapena tiwiri pa nthawi.

Ngati mayi wachira kudzera pa opaleshoni, manja ake ndinu. Mugonekereni mwana pachifuwa n'kumuchirikiza mpaka ayamwe. Ndipo akadandaula kuti m'mimba mukupotokola pamene mwana akuyamwa, muuzeni kuti ndi chiberekero chikubwerera m'malo mwake. Kupotokolako kumachepetsa kutaya magazi.

3. Phunzirani kuona mmene mwana wagwirira bere

Apa ndi pamene ambiri amangodutsapo ndi mawu akuti "onetsetsani kuti mwana wagwira bere bwino". Bwino wake ndi wotani? Ndikhalitsa pano, chifukwa zilonda za pansonga, mabere otupa, mkaka "wochepa" ndi mwana wosakwera sikelo, nthawi zambiri gwero lake ndi lomweli.

Mwana sayamwa nsonga. Amayamwa bere. Amalowetsa m'kamwa gawo lalikulu la mbali yakuda yozungulira nsonga ija, nsongayo n'kukafika m'kati mwenimweni kumene m'kamwa ndi mofewa, lilime ndi nsagwada zikugwira ntchito pansi pake. Akangogwira nsonga yokha, imapanikizika pakati pa lilime ndi denga lolimba la m'kamwa. Imang'ambika, ndipo mkaka umene mwanayo akupeza ndi wochepa. Mayi akumva ululu, mwana ali ndi njala, onse awiri akulira.

Yambani ndi mayi. Akhale motakasuka, msana utatsamira, mapazi ataponda pa chinthu, asawerame. Mwana ndiye apite ku bere, osati bere kulondola mwana. Chotsani zofunda zochindikala zimene zili pakati pawo. Kenako onani mmene mwana wagonera. Khutu, phewa ndi chiuno chake zikhale pa mzere umodzi. Mukafuna kumvetsa chifukwa chake, tembenuzirani mutu wanu paphewa pompano n'kuyesa kumeza malovu. Mwaona? Ndi mmene amavutikira mwana wogona chagada pamiyendo, khosi lokha litapotokera ku bere. Mimba yake igunde thupi la mayi. Dzanja la mayi lichirikize msana, mapewa ndi khosi, koma lisakankhe kuseri kwa mutu. Ndipo chimene chiyang'anizane ndi nsonga ya bere ndi mphuno ya mwana, osati kamwa. Ambiri apa amadabwa, koma mwana akayambira pamenepo amakweza mutu pang'ono n'kutsegula kamwa kwambiri, monga mmene inu mumachitira pomwa madzi.

Tsopano mayi akhudze mlomo wam'mwamba wa mwana ndi nsonga, kenako adikire. Mwana ayamba ndi kutsegula pang'ono ngati kamwana ka mbalame. Nthawi yake sinakwane, ngakhale mtima ukhale ukufulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayasama kwambiri ngati akuyasamula, pamenepo mayi amukokere kwa iye msangamsanga, chibwano chikhale choyamba kugunda bere, nsonga italoza kudenga kwa kamwa.

Apa ndi pamene inu muli ofunika, chifukwa mayi akuyang'ana kuchokera pamwamba ndipo zapansi sakuziona. Gwadani pambali pake muone zinthu zinayi: kamwa latsegulidwa kwambiri, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, chibwano chagunda bere, ndipo mbali yakuda ya bere ikuoneka yochuluka pamwamba pa kamwa kuposa pansi pake. Mukatero tcherani khutu. Mwana amene wagwira bwino amayamba ndi kuyamwa mofulumira, kenako amakoka mozama pang'onopang'ono, akupumira, ndipo mkaka ukachuluka mumamva kumeza, kaphokoso kofewa kakuti "kah". Masaya amakhala ofufuma. Akamalowa m'kati, kapena mukamamva kutsapatsapa ngati munthu akupsompsona, ndiye kuti wagwira nsonga yokha.

Mufunseni mayi ngati akumva kuwawa, ndipo mukhulupirire yankho lake. Masiku oyambirira kuwawa pang'ono pa kamphindi koyamba kumachitika. Koma ululu wopitirira mpaka mwana amalize, wochititsa mayi kukukuta mano, si wabwino ayi. Onaninso nsonga mwana akangosiya: ikhale yozungulira monga inalowera. Ikatuluka yophwatalala ngati yapanidwa ndi chitseko, chilonda chili m'njira. Mawu akuti "pirira, tonse tinadutsa momwemo" asiyitsa amayi ambiri kuyamwitsa kuposa matenda. Akagwira molakwika, mayi alowetse kachala koyera pakona pa kamwa, pakati pa nkhama, mpaka mwana amasule, n'kuyambiranso. Osamuzula pa bere. Kaya ayambiranso kasanu, palibe kanthu.

Pali cholakwa china chimene ndi cha ife othandiza. Timagwira mutu wa mwana ndi dzanja limodzi, bere ndi dzanja linalo, n'kuzilumikiza mokakamiza. Ndili watsopano pa ntchito imeneyi ndinkachita zomwezo, ndipo ndinkanyadira kuti mwana aliyense kwa ine amagwira. Ankagwiradi, koma ndikatuluka mayi uja ankatsala pomwe anali, osadziwa chimene ndachita. Komanso khanda likakankhidwa kuseri kwa mutu limadzikhotetsera m'mbuyo, ndipo ena amafika poliopa bere. Masiku ano ndimakhala pansi molingana ndi mayiyo, ndimapinda thaulo n'kuliyesa mwana, ndimamuonetsa pa thupi langa, iye akutsanzira. Ngati pafunika kugwira, ndimapempha kaye, ndipo dzanja langa limakhala pamwamba pa dzanja lake, osati pa bere lake.

Tizinthu tina tiwiri. Mayi asapane bere ndi zala ziwiri pafupi ndi nsonga ngati wagwira ndudu, chifukwa zalazo zimatchinga kamwa la mwana. Ngati akufuna kulichirikiza, zala zinayi zikhale pansi, chala chachikulu pamwamba, kutali ndi mbali yakuda. Ndipo asadinikize bere kuti mphuno ipume. Mphuno ikakwiririka angokokera matako a mwana pafupi ndi thupi lake, mutu udzakweza wokha.

Mwana sayamwira pamiyendo pokha. Wa opaleshoni, wa mapasa kapena wa mabere aakulu akhoza kumudutsitsa mwana m'khwapa, miyendo italoza kumbuyo. Wa mabala akumunsi agone chammbali, mwana atayang'anizana naye. Ngati zonsezi mwakonza koma ululu sukutha pakapita masiku awiri, pitani kwa azamba akamuyang'ane mwana m'kamwa. Ana ena amabadwa lilime litamangika pansi.

4. Iwalani za wotchi

Khanda limayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, nthawi zina kuposa, ndipo silitsata ndandanda. Musadikire kulira. Likayamba kutakataka, kutembenuza mutu uku ndi uku, kunyambita milomo kapena kuyamwa tizala, lipatseni kwa mayi ake. Mwana amene wafika polira mpaka kufiira sagwira bwino bere, ayambe watonthozedwa pachifuwa.

Asiye yekha bere loyamba asanapatsidwe lachiwiri. Mkaka umanka nuchuluka mafuta pamene bere likuphwa, ndiye wosinthidwasinthidwa msanga amaphonya wokhutitsawo. Ulendo wotsatira ayambire bere linalo. Masiku oyambirira khanda logona kwambiri lidzutsidwe likapitirira maola 3 kapena 4 osayamwa.

5. Konzekerani usiku wachiwiri ndi wachitatu

Tsiku loyamba mwana amagona, aliyense n'kumati ndi mwana wabwino. Usiku wachiwiri amasintha. Amayamwa, kumugoneka, kulira, kuyamwanso, mpaka mbandakucha. Mabere adakali ofewa. Foni zanga zambiri ndi za usiku umenewu.

Mng'ono wanga atachira mwana wake woyamba ndinamupeza usiku wachitatu atakhala pakama, misozi ili chuchuchu. Apongozi ake anali ataima pakhomo la kuchipinda, kapu ya madzi owiritsa kudzanja limodzi, supuni kulinalo. Sanali munthu woipa ayi, analera ana awo n'kukula, ndipo kulira kwa mdzukulu kunkawadula mtima.

"Achemwali, ine mkaka ndilibe," anatero mng'ono wangayo. "Tayang'anani, ndikufinya koma palibe chikutuluka."

Sindinatsutsane ndi aliyense. Ndinangoti, "Amayi, tandithandizani, matewera a lero ali kuti?" Anabwera nalo beseni, tinawerenga limodzi. Onyowa atatu, awiri a chimbudzi, ndipo chimbudzicho chinali chitayamba kuchoka kukuda kupita kobiriwira. Ndinawafunsa kuti, "Nanga zimenezi zikuchokera kuti ngati sakumwa kanthu?" Anaseka, kapu ija anamwa okha. Tinakonza kagwiridwe ka bere, ndipo pofika madzulo a tsiku lotsatira malaya a mng'ono wanga anali atanyowa.

Chimene chimachitika n'chakuti mkaka wochuluka umabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, ndipo kuyamwa kosalekezako kumathandiza kuuitana. Mwana akayamwa, thupi la mayi limatulutsa homoni (mankhwala amene thupi limapanga lokha) yotchedwa prolactin imene imapangitsa mkaka, ndipo imachuluka kwambiri usiku. Bere likamakhuthulidwa limapanga wambiri, likakhala lodzaza limachepetsa. Ndiye onani msampha wa botolo: mwana wamwa wam'chitini, wagona maola angapo, bere silinayamwidwe, thupi lamva kuti mkaka sukufunika, mawa wachepadi, botolo lachiwiri. Pakatha milungu iwiri anthu amati, "Paja tinanena kuti alibe mkaka."

Choncho m'malo moyang'ana bere, werengani zotuluka. Tsiku loyamba thewera lonyowa limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, kumanka nawonjezeka mpaka kuyambira tsiku lachisanu akhale 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wake woyera. Chimbudzi chisinthe kuchoka kukuda, kubiriwira, mpaka chachikasu chofewa pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu. Kutsika sikelo masiku oyambirira kumachitika kwa ana pafupifupi onse, koma kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kumene anabadwa nako, ndipo pofika milungu iwiri akhale atabwerera. Zimenezi zikamayenda, mkaka ulipo. Zikapanda kuyenda, kapena tsiku lachisanu lafika mabere osasintha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Opaleshoni, kutaya magazi ambiri ndi matenda a shuga zimatha kuchedwetsa mkaka.

Zinthu izi zisakunamizeni: mabere aang'ono, mabere amene afewa pakatha milungu ingapo, mkaka wochepa pofinya, mwana wovuta madzulo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikusonyeza kuti mkaka watha. Padzabweranso masiku ena m'tsogolomo amene mwana adzayamwe ngati wasala kudya. Akukula, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu mkaka umamupeza.

6. Mulandeni ntchito zina zonse, ndipo samalani pakamwa

Mkaka umene wapangidwa umakankhidwira kunja ndi homoni ina, oxytocin. Imeneyi ndi yamanyazi. Mayi akakhala ndi mantha, ululu, kapena akuyang'anitsitsidwa ndi anthu omuweruza, mkaka umachedwa kutsika ngakhale uli tho m'bere. N'chifukwa chake funso lakuti "kodi akukhuta ameneyu?", likafunsidwa kasanu pa tsiku, limawononga zenizeni. Nenani zimene mukuona: "Ndamumva akumeza." "Matewera afika 6 lero."

Kuphika, kuchapa, kusamalira ana ena, kulandira alendo, zonsezo ndi zanu. Alendo akhale pang'ono azipita, ndipo wowauza ndinu. Nthawi iliyonse mayi akakhala pansi kuti ayamwitse, muikireni madzi akumwa pafupi, ludzu limamugwira pompo. Adye mokwanira zakudya zakasinthasintha, ndi kuwonjezerako pang'ono pa zimene amadya masiku onse. Palibe chakudya chamatsenga chobweretsa mkaka. Ngati ndalama ilipo yochepa, gulirani mayi chakudya, osati mwana chitini.

Abambo ena amati akufuna botolo kuti nawonso azimudyetsa mwana. Bambo, ntchito zilipo zambiri: kumugeyetsa paphewa, kusintha thewera, kumusambitsa, kumugoneka pachifuwa chanu mayi akugona, kumudzukira usiku n'kumupereka ku bere. Akamaliza mugonekeni chagada pamalo olimba, osati ofewa. Chimene musalole ndi mayi wotopa kugona tulo ali ndi mwana pa sofa kapena pampando.

7. Mabere akatupa kapena kuchita zilonda

Mkaka ukabwera mabere akhoza kudzaza mpaka kuuma gwa, kunyezimira, nsonga n'kulowa m'kati moti mwana sangagwire. Mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, koma ayambe wafinya pang'ono kuti mbali yakuda ifewe. Kufinya kwake ndi kotere: asambe m'manja, aike chala chachikulu pamwamba ndi chamkombaphala pansi, cha kumalire kwa mbali yakuda, akankhire zalazo m'kati cha kuchifuwa, kenako apanikize n'kumasula, apanikize n'kumasula. Asakoke nsonga, asakhuluze khungu. Mkaka ukasiya kutuluka asunthe zala mozungulira bere. Akatha kuyamwitsa aikepo kansalu kozizira.

Pa zilonda, konzani kagwiridwe monga tafotokozera pa nambala 3, apo ayi palibe mafuta amene angathandize. Apake timadontho ta mkaka wake, aumitse ndi mpweya, ndipo asamasambitse nsonga ndi sopo.

Mbali imodzi ya bere ikafiira, kutentha ndi kuwawa, mayi akumva kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera, bere ladwala. Ambiri apa amaletsa mwana kuyamwa bere limenelo poganiza kuti mkaka wawonongeka. Ayi, apitirize kuyamwitsa, apume, aikepo chozizira, ndipo musalikande mwamphamvu. Ngati pakatha maola 24 palibe kusintha, kapena mayi wafooka kwambiri, kuchipatala. Kuchedwa kumabweretsa chotupa cha mafinya.

8. Dziwani zosadikira m'mawa

Thamangirani kuchipatala mwana akakana kuyamwa kapena kuyamwa mofooka, akalefuka osadzuka, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga kapena movutikira, akakomoka, akachita chikasu tsiku loyamba lenilenilo kapena chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi. Kwa mayi: magazi ochuluka, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusaona bwino.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV atsate malangizo a kuchipatala kwawo. Kumene boma limalimbikitsa kuyamwitsa, WHO imati mayi amene akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse mwakathithi miyezi 6, apitirize mpaka chaka chimodzi, ndipo akhoza kufika zaka 2 kapena kuposa. Thandizo lanu ndi kuonetsetsa kuti mankhwala ake ndi a mwana sakudumphidwa, ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo bere likachita chilonda kapena kutupa. Pa matenda ena wamba monga chimfine, mayi asasiye kuyamwitsa, ndipo mankhwala ambiri sasokoneza. Angowauza adokotala kuti akuyamwitsa.

Yang'aniraninso mtima wake. Kulira popanda chifukwa cha patsiku lachitatu mpaka lachisanu kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha kokha. Koma zikapitirira milungu iwiri, sakugona ngakhale mwana atagona, sakufuna kudya, akudziona wolephera kapena akulankhula zodzipweteka, amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pochira. Amagwira amayi oposa mmodzi mwa 10 alionse, ndipo amachizika. Musamudzudzule, mutengereni kuchipatala.

9. Zikakanika ndithu

Pali amayi ochepa amene mkaka wawo sukwanadi, pali ana amene achipatala anena kuti awonjezeredwe, ndipo pali mayi amene wayesa zonse n'kunena kuti wafika pamapeto. Thupi ndi lake. Musamusandutse chitsanzo choipa pamaso pa anzake. Ngati akufuna, akhoza kuyamwitsa ndi kuwonjezera pamodzi, bere likhale loyamba nthawi zonse, ndipo amene anasiya kwa kanthawi akhoza kuubwezeretsa mkaka poyamwitsa pafupipafupi mothandizidwa ndi azamba. Wam'chitiniwo upangidwe ndendende monga zalembedwera, osausungunula ndi madzi ambiri pofuna kuti ukhalitse. Madzi akhale owiritsa, adakali otentha osachepera madigiri 70, ziwiya zikhale zoyera, ndipo wotsala utayidwe.

10. Akamabwerera ku ntchito kapena kusukulu

Pangano la ILO, bungwe loona za anthu apantchito padziko lonse, la m'chaka cha 2000 limati mayi apatsidwe tchuthi cha milungu yosachepera 14, komanso nthawi yoyamwitsa kapena kufinya mkaka akabwerera ku ntchito. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye afufuze a kwawo ndi kukambirana ndi abwana ake tchuthi chisanathe. Ayambe kuzolowera kufinya kutatsala milungu iwiri. Kuntchito afinye nthawi zimene mwana akanayamwa, m'chiwiya choyera chokhala ndi chivindikiro.

Mkaka wofinya umakhala bwino maola 4 pamalo ozizirirapo m'nyumba, ndi masiku 4 m'kati mwa furiji, osati pachitseko pake. Ukakhala umalekana, mafuta pamwamba. Sunawonongeke, ingouzunguzani pang'ono. Poutenthetsa ikani chiwiyacho m'madzi ofunda, osauwiritsa. Mwana wamng'ono akhoza kumwera pa kakapu: mukhazikeni tsonga pamiyendo panu, kakapuko kagunde mlomo wam'munsi, kapendekeni mpaka mkaka ufike pamilomo, iye azipsontha yekha. Osamuthira m'kamwa.

Pa nkhani ya kulera, kuyamwitsa kumateteza mimba pokhapokha zitatu izi zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Mayi amene wayamba kutalikirana ndi mwana maola ambiri asadalirenso njira imeneyi, apite akasankhe ina.

Inu otsala ndi mwana, funsani nthawi imene mayi afike. Ola lomaliza lija musamukhutitse. Akalira muberekeni, yendani naye, mupatseni pang'ono chabe, kuti mayi ake akamalowa pakhomo mabere ali odzaza apeze mwana wofuna kuyamwa.